Kanema wa Yesenia ndi Nyumba ya ku Phalombe

Mlongo wake Mtendere ndiye anamuuza. Anaimba foni kuchokera ku Bangwe m'mawa wina wa Okutobala, chaka cha 2017, Keturah Namakhwa atangotsika basi ku Beaumont Leys, mu mzinda wa Leicester ku England, pochokera ku ntchito, ndipo sanayambe n'komwe ndi moni.

"Achemwali, kodi inu mukupopa anthu magazi kumeneko?"

Keturah anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala zake za masiku onse. Mtendere sanaseke. Anati kanema wina wafika pa foni ya mphunzitsi wa ku Migowi, ndipo mphunzitsiyo wamutumizira iye pofunsa ngati namwino wa m'kanemamo si mwana wa mayi Namakhwa aja a nyumba yatsopano. M'kanemamo munali Keturah, atavala yunifolomu, akukoka magazi pa mkono wa munthu wakuda wophimbidwa pakamwa ndi mphuno, ndipo pambali pake panali mayi wachilendo akumwetulira pafupi ndi makina. Mtendere anati kanemayo akuoneka kuti sanafike kumudzi kwenikweniko, koma kuchoka pa Migowi kukafika kwawo ndi ulendo wa pa njinga, ndipo amayi awo amagona okha m'nyumbamo.

Wokumbukira miyezi imeneyo akudziwa kuti funso la Mtendere silinali lachibwana. Mphekesera ya anamapopa inali itagwira Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu ankagona panja m'magulu, ena ankatseka misewu ndi miyala n'kumasecha zikwama za apaulendo, ndipo anthu anaphedwa opanda mlandu uliwonse. Kunkamveka zoti opopawo amayamba afooketsa munthu ndi mpweya wa mankhwala, kenaka n'kumukoka magazi ndi makina. Kunkamvekanso zoti ali ndi anthu awo m'midzi, ndipo munthu wotereyu umamudziwira pa chuma chosadziwika kumene chachokera. Nyumba ya mayi Namakhwa inamangidwa ndi thukuta la mashifiti a ku Leicester. Kumudzi thukutalo sanalione. Anangoona nyumba.

Mayi wachilendo wa m'kanemayo anali Yesenia Balanta, injiniya wa zipangizo za m'chipatala, wochokera ku Colombia. Mbiri yake Keturah ankaidziwa bwino, pakuti Yesenia sankaibisa. Ankaiyala pamaso pa aliyense, ndipo chimenechi ndicho Keturah anayambira kumukayikira.

Anabadwira m'tauni yaing'ono ya pakati pa minda ya nzimbe, kufupi ndi mzinda wa Cali. Bambo ake anali munthu wakuda, wodula nzimbe ngati anzathu a ku Nchalo, ndipo utsi wa minda yotenthedwa unawadya chifuwa. Mayi ake anali oyererako, atelala. Yesenia ali mtsikana wa ku sekondale anakhala pambali pa bedi la bambo akewo m'chipatala, n'kumaona kachipangizo kaja kopana chala, kamene kamapima mpweya m'magazi, kakusonyeza kuti zonse zili bwino, pamene munthu ankawefuka ngati wakwera phiri. Anamwino anakhulupirira kachipangizo, osati munthu. Bamboyo anamwalira sabata yomweyo.

Kuchokera pamenepo mtsikanayo analowa m'makina. Anaphunzira uinjiniya pa yunivesite ya boma ku Cali, n'kugwira ntchito zaka zingapo yokonza zipangizo m'zipatala za kumidzi: mabokosi ofunditsa ana obadwa masiku asanakwane, makina osefa magazi a odwala impso, ndi zina zonse zimene mayiko olemera amatumiza kwa osauka popanda zosinthira zake. Kenaka anapeza mwayi wa maphunziro ku England, pa yunivesite ina ya kuno ku East Midlands, n'kupeza nyumba ya lendi ku Wigston, kufupi ndi Leicester. Kumeneko anawerenga zimene anthu ena analemba kalekale, kuti kachipangizo kopana chala kamapima ndi kuwala kodutsa m'khungu, ndipo khungu likakhala lakuda kakhoza kunama, n'kusonyeza mpweya wochuluka kuposa umene ulipo. Nkhaniyi inagona m'mabuku zaka zambiri popanda woitola. Zala zimene zinkanamiziridwa sizinali zala za anthu osankha zoti zifufuzidwe.

Yesenia anaganiza zoitola. Koma sanali munthu wokhala phee mu labotale. Ankayenda m'masukulu kufotokozera ana za sayansi, ankayankhula pa wailesi, ndipo chilichonse chimene wachita ankachijambula n'kuchiika pa tsamba lake la pa intaneti, m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi. Ankati sayansi yochitikira kuseri ndiyo imaopsa anthu. Keturah anamumva kangapo akufotokoza za imfa ya bambo ake, ndipo anaona kuti nthawi zonse amaima pa mawu omwewo, n'kugwira chala chake, n'kuyang'ana pansi. Mwina chisoni chimakhala chotero. Koma Keturah anali atakula akuona alaliki a m'mabasi a ku Limbe, ndipo ankadziwa mmene munthu amaimira akafuna kuti omvera ameze malovu.

Awiriwa anadziwana chifukwa cha khungu. Kafukufukuyo ankafuna anthu akuda odzipereka, ndipo akuluakulu a chipatala, atayang'ana m'wodi ya odwala chifuwa, anaona namwino wakuda n'kunena kuti ameneyu ndiye athandize. Sanamufunse ngati akufuna. Keturah anatenga Yesenia n'kupita naye ku msonkhano wa bungwe la Amalawi, m'holo ya tchalitchi ku Evington. Kumeneko anawalandira Bambo Absalom, wapampando amene sanayitanitsepo chisankho chiyambire bungwelo, munthu amene anali kalaliki ku Lilongwe koma ankayankhula ngati anali nduna. Iwo anamutcha mlendoyo Dokotala digiri asanaipeze, ndipo analonjeza kuti Amalawi a mu Leicester apereka mikono yawo.

Ntchitoyo inali yosavuta kuimvetsa. Munthu ankakhala pa mpando wotsamira, n'kuvala masiki, n'kumapuma mpweya wochepetsedwa pang'onopang'ono, dokotala ali pomwepo. Kachipangizo kankapana chala, ndipo namwino ankakoka timagazi pa mkono kuti aone ngati kachipangizo ndi magazi zikunena chimodzi. Tsiku lina mu Julaye Yesenia anabwera ndi kamera. Anafunsa Keturah ngati angamujambule akugwira ntchito, ndipo anamufunsa pamaso pa dokotala, pamaso pa odzipereka, pamaso pa Bambo Absalom amene anabwera atavala suti kuti adzaonerere.

Keturah anati palibe vuto.

Mmalawi akafunsidwa ndi mlendo pamaso pa akuluakulu sakana. Amati palibe vuto, maso ali pansi, mawu ali otsika, ndipo Mmalawi mnzake amamva kuti vuto lilipo, n'kumutsatira pambali kuti akamufunsenso. Yesenia anamva mawu okha. Bambo Absalom anamva zonse, koma anali akukonza tayi, chifukwa iwonso anali oti ayankhule m'kanemamo. Keturah anaganiza kuti adzamuuza mayiyo paokha tsiku lina, koma mashifiti anameza tsikulo, ndipo mu Julaye kunalibe amene ankanena za anamapopa.

Kanemayo anatuluka kumapeto kwa Seputembala. Yesenia anamulowetsa mu mpikisano wa asayansi ofotokozera anthu wamba ntchito yawo, umene wopambana ankapatsidwa thandizo lopitirizira kafukufuku, ndipo oweruza ankaonanso kuchuluka kwa anthu oonera. Pansi pa kanemayo analembapo dzina lonse la Keturah ndi kumene akuchokera: Phalombe, Malawi. Anati anafuna kuti namwinoyo alandire ulemu wake.

Atatsitsa foni ya Mtendere, Keturah sanalowe m'nyumba kukagona. Anakweranso basi kupita ku Evington, chifukwa ankadziwa kale dzanja limene laponya kanemayo kumudzi. Anawapeza Bambo Absalom akutsuka galimoto. Sanakane. Anati anatumiza ku magulu a pa watsapu a anzawo akale, kuti aone zimene ana a Malawi akuchita kunja kuno.

"Mwana wanga, ine ndinatumiza kwa anthu ophunzira okhaokha."

"Bambo, ophunzirawo alibe zala zofowadira?"

Iwo anati kanemayo akufotokoza zonse momveka, m'Chingerezi chabwino, ndipo munthu wanzeru sangasokonezeke. Keturah anawafunsa kuti ndani pa Migowi amamvetsera Chingerezi cha pa kasipika ka foni, pamene maso akuona masiki, magazi ndi mzungu. Iwo anati mayiyo si mzungu. Keturah anati akakafotokoze zimenezo pa msewu wotsekedwa ndi miyala. Anawapempha kuti alembere magulu awowo kuti aliyense adilite, koma anakana, amvekere kutero n'kuutsa anthu amene sanaone. Mwina ankanena zoona. Koma chimene chinkawavuta chinali kulemba ndi dzanja lawo kuti alakwitsa, ndipo anthu a mtundu umenewu amalola mudzi upse kusiyana n'kutero.

Masana Keturah anafika ku Wigston. Yesenia anamulandira ndi chisangalalo, n'kumuonetsa kuti oonera akuchuluka, ndipo ambiri ndi a ku Malawi. Keturah anamufotokozera chifukwa chake. Ankayankhulana m'Chingerezi, chiyankhulo chobwereka kwa onse awiri, ndipo Keturah anavutika kupeza mawu oti munthu amve kuti nkhalamba ikhoza kuphedwa ndi miyala chifukwa cha chithunzi cha mwana wake. Yesenia anamva. Nkhope yake inasintha, anagwira pakamwa, anafunsa ngati amayiwo ali bwino. Koma atakhala pansi anayamba kuganiza monga injiniya, ndipo Keturah ankamuyang'anitsitsa.

Choyamba anati mantha amakula pamene palibe wofotokoza, choncho ajambule kanema wina, m'Chichewa, Keturah yemweyo akufotokozera anthu akwawo zimene zinkachitika. Keturah anafunsa ngati akufuna nkhope yake kachiwiri. Ndiye Yesenia anati aphimbe nkhope m'kanema woyambayo. Keturah anamukumbutsa kuti Bambo Absalom akutchula dzina lake mokweza m'mawu awo olonjera. Ndiye Yesenia anati ngakhale achotse, amene anakopera kale m'mafoni awo sangawalande. Izi zinali zoona, ndipo Keturah anadana nazo chifukwa zinali zoona zomukomera wonenayo. Anayankha kuti za m'mafoni zimafika zodukaduka, zosaoneka bwino, ndipo munthu akhoza kukana kuti si iye. Koma wofuna kutsimikiza akatsegula tsambalo apeza dzina ndi boma zitalembedwa bwinobwino.

Pamenepo Yesenia ananena chimene chinali pansi pa zonsezo. Anati mpikisano watsala pang'ono kutsekedwa, ndipo kanemayo akachoka iye watuluka, kafukufuku watha. Anati kachipangizoko kapitiriza kunamiza anamwino, ndipo anthu akuda apitiriza kufa monga anafera bambo ake. Anagwira chala chake.

"Bambo ako anafa kale," anatero Keturah. "Amayi anga ali moyo."

Yesenia anasiya kugwira chala chija. Kenaka anakoka kompyuta, n'kuchotsa kanemayo pa tsamba lake, pa tsamba la mpikisano, ndi pena paliponse pamene anamuika. Keturah anaima kumbuyo kwake, n'kumuuza kuti atsegulenso aone ngati wachokadi. Atatsimikiza anatenga chikwama chake n'kutuluka. Sanathokoze. Pa basi anadzifunsa ngati mayiyo akanachotsa iye akanangoimba foni osabwera yekha.

Chotsala chinali kuwachotsa amayi kumudzi, ndipo amayiwo anakana. Anati nandolo ali m'matumba, nkhuku zilibe woziyang'anira, ndipo munthu wothawa ndiye amene anthu amati ali ndi mlandu. Anafunsanso chimene mwana wawo wachita kunjako kuti iwo azithawa pakhomo pawo. Keturah anayesa kufotokoza za kuwala ndi khungu, koma amayiwo anamudula.

"Ndiye magaziwo unakokadi?"

"Ndinakoka, amayi. Ndi ntchito yanga."

"Usadzanenenso zimenezo pa foni."

Mtendere anapita kukawatenga. Anauza oyandikana nawo kuti akupita nawo ku Blantyre kukaonetsa maso, ndipo anawaletsa kunyamula katundu wambiri kuti zisaoneke ngati kusamuka. M'njira anaimitsidwa, anasechedwa, anafunsidwa mayina, ndipo Mtendere anatchula dzina la kuchimuna kwa azakhali ake. Anafika ku Bangwe ali bwino. Sabata isanathe kunabwera uthenga woti anthu aswa mawindo a nyumba ija, azula zitseko, atenga nandolo ndi nkhuku zomwe. Palibe anadziwa ngati kanemayo anafikadi m'mudzimo, kapena ngati anthu anangoona nyumba yabwino yopanda mwini pa nthawi imene kuba kunali ndi dzina lina. Mpaka lero palibe wavomera kuti anaona kanthu.

Ku Leicester nkhani inamveka, ndipo Amalawi amene analonjeza mikono yawo anayamba kudwala chimfine, kusinthidwa mashifiti, kupita ku maliro. Bambo Absalom anauza msonkhano kuti iwo anamukayikira mayiyo kuyambira tsiku loyamba, ndipo panalibe woimirira kuwakumbutsa za suti ija. Kafukufuku anatsekedwa anthu asanakwane. Yesenia anamaliza digiri yake ndi ntchito ina yaing'ono, yokhudza makina othandiza kupuma, ndipo analembedwa ntchito pa kampani ina yopanga zipangizo zoterozo kufupi ndi Loughborough. Ku masukulu sanasiye kupita, pa wailesi sanasiye kuyankhula. Kamera anaichepetsa.

Mayi Namakhwa anakhala ku Bangwe pafupifupi chaka, akugona pa balaza m'nyumba ya lendi ya mwana wawo, akusemphana ndi mpongozi pa nkhani ya makala. Foni iliyonse ankafunsa chinthu chimodzi: abwerera liti. Pofika Seputembala wa 2018 mphekesera inali itazilala, ndipo akuluampingo a kumudzi anatumiza mawu oti mayiwo abwere, palibe adzawakhudze. Iwo anafuna kupita msanga kuti akasose munda. Keturah anali pafupi kuvomera pamene Yesenia anamuimbira foni, koyamba chichokereni ku Wigston kuja.

Anafunsa za amayi, ndipo anamvetsera yankho lonse. Kenaka anati waitanidwa kukayankhula pa chikondwerero cha sayansi ku Nottingham, ndipo akufuna kukafotokoza nkhani imeneyi, ya kanema ndi anamapopa, kuti asayansi anzake aphunzirepo pa kulakwa kwake. Anati asintha mayina, ndipo boma salitchula. Keturah anamufunsa kuti ndi anamwino angati a ku Malawi amene anajambulidwa akukoka magazi mu Leicester chaka chatha. Anamufunsanso ngati kuyankhulako kudzajambulidwa. Yesenia anavomera kuti kudzajambulidwa, pakuti okonza chikondwererocho amaika zonse pa intaneti. Keturah anati ayi, ndipo ulendo uno anamutchula ayi wakeyo momveka, kawiri. Yesenia anati wamva, sadzafotokoza.

Keturah sanakhulupirire. Anaona kuti nkhaniyo inali yokoma kwambiri kwa munthu wa ntchito imeneyo: muli magazi, muli Afirika, muli nkhalamba yothawa, ndiponso muli wofotokoza wodzichepetsa amene akuulula kulakwa kwake anthu n'kumuombera m'manja. Anauza Mtendere kuti amayi adikire kaye. Mtendere anadandaula kuti nthawi yososa ikutha, koma anadikira.

Tsiku la chikondwerero Keturah anasinthana shifiti ndi mnzake, n'kukwera sitima kupita ku Nottingham osauza munthu. Holoyo inali yodzaza ndi aphunzitsi, makolo ndi anthu a m'mayunivesite. Anakhala pa mzere wakumbuyo, kuseri kwa bambo wina wamtali. Yesenia analowa atanyamula tochi, n'kuwalitsa kudzera m'chala chake kuti anthu aone kufiira kwa magazi. Anafotokoza za minda ya nzimbe, za bambo ake, za zipangizo zoyesedwa pa anthu a khungu limodzi n'kugulitsidwa kwa onse. Ankadziwa ntchito yake, ndipo holo yonse inali zii. Keturah anadikira mawu oti Malawi, manja ali pa chikwama. Sanamveke.

Pa nthawi ya mafunso mayi wina anaimirira n'kufunsa chifukwa chimene kafukufuku wofunika chotere anathera panjira. Yesenia anayang'ana m'holomo, maso ake akuyenda pang'onopang'ono kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo.

"Ndinalakwira anthu amene anandithandiza," anatero. "Zotsalazo si zanga kuti ndizinene."

Wofunsayo anafuna kumva zambiri, koma Yesenia analoza munthu wina amene anakweza dzanja. Keturah anatuluka anthu asanayambe kuomba m'manja. Sanadziwe ngati maso aja anamupeza kuseri kwa bambo wamtali uja, ndipo sanadziwe chimene chikananenedwa mpando wakewo ukanakhala wopanda munthu. Ali pa siteshoni anaimbira Mtendere. Anamuuza kuti awaperekeze amayi Loweruka, ndipo zitseko asakagule ku Limbe, akapangitse kwa kalipentala wa m'mudzi momwemo, anthu aone kuti nawonso adyapo.

"Ndiye mayi ujayo mwamukhulupirira, achemwali?"

"Ayi. Koma amayi akufuna kukalima."

Mayi Namakhwa anafika kwawo mvula yoyamba isanagwe. Oyandikana nawo anabwera kudzawalonjera mmodzimmodzi, n'kumafunsa za maso. Iwo ankayankha kuti tsopano akuona bwino, uku akuyang'ana chitseko cha nyumba ya wina chimene chinkafanana kwambiri ndi chawo chakale. M'mawa mwake anatenga khasu.